Odi wa mu Katiriji ya Sailesi

Ku Chilomoni mukafunsa za Binwell Katsala, anthu sakuuzani kuti amakonza mafoni pamsika, ngakhale ndiyo ntchito imene imamudyetsa. Amangoti, "Ooh, uja wa magemu?" n'kuyamba kuseka. Kale ankaseka ndi mtima wonse. Masiku ano amaseka pang'ono kenako n'kucheukira kumsewu, ndipo chimene amacheukiracho ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni. Senderani pafupi, nkhani iyi si yofuula.

Binwell anali bambo wa zaka makumi anayi, wandevu zake, wapabanja pake, koma mtima wake unatsalira pa magemu a pa TV aja tinkasewera tili ana, a makatiriji achikasu ofunika kuwauzira mpweya kaye kuti adzuke. Anzake atakula anayamba kutolera mapuloti ndi magalimoto. Iye ankatolera makatiriji. Ankazungulira misika yonse, Limbe, Ndirande, Bangwe, kufukula m'makatoni a zinthu zakufa, ndipo akapeza imodzi ngakhale yobenthuka pakona ankabwera kunyumba akuimba mluzu. Chipinda chimene mkazi wake Nangozo ankati chidzakhala cha alendo chinadzaza mashelefu mpaka kudenga. Alendo ankagona pabalaza.

Misala imeneyi sanali nayo yekha. Panali kagulu ka anthu ngati khumi amene ankakumana Loweruka lililonse kuseri kwa shopu yake, kusinthana makatiriji ndi kukangana za magemu amene adzapange okha tsiku lina. Wina ankati adzapanga gemu ya kondakitala wa minibasi wopanikiza anthu anayi pampando wa atatu. Wina ankati yake idzakhala ya mayi wothamangitsa nkhuku alendo atafika kale. Zonsezo zinali za pakamwa basi. Amene anapangadi gemu anali mmodzi yekha, Sailesi Kamwaza.

Sailesi anali wa ku Neno, wowonda, wosachulukitsa mawu, ndipo ankatayipa makalata pa ofesi ina m'tauni. Anadziphunzitsa yekha kulemba gemu pa laputopu yakale, n'kumailowetsa mu katiriji yopanda kanthu ndi kachipangizo kamene anaitanitsa kunja. Gemu yakeyo anaitcha Ulendo wa Kwathu. Munali kamunthu konyamula chikwama, kotsika basi padepoti n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumudzi. Kankadumpha maenje a mumsewu, kuzemba agalu ndi akabaza, kukwera mapiri, kenako kuwoloka mtsinje pa chipika. Aliyense amene anaisewera ankaiwala kuti ndi timadontho chabe ta pa TV. Unkafunitsitsa kamunthuko kafike.

Mu February, mvula ili pakati, Sailesi anadwala. Binwell atapita kukamuona kuchipatala anamupeza atatha, maso okha ndiwo anali akadali ake.

"Aise," anatero Sailesi, mawu akutuluka movutikira, "siteji yomaliza ya gemu ija sindinaijambule. Kamunthu kaja kakangowoloka mtsinje, kutsogolo kuli mdima wokhawokha. Laputopu ndi katiriji utenge. Umalize, kafike kwawo."

"Zazing'ono zimenezo. Udzamaliza wekha ukachira."

"Ndati umalize iweyo."

"Chabwino, ndimaliza," anatero Binwell. "Kafika, usadandaule."

Patapita masiku awiri Sailesi anatisiya. Sabata imeneyo madzi anali atakokolola mlatho panjira ya kwawo, moti galimoto ya maliro ikanangokaima pamphepete pa mtsinje. Anamuika m'manda a m'tauni mommuno, anzake a kuntchito ndi a magemu ali pomwepo. Amayi ake anamva pafoni kuti mwana wawo wakwiriridwa.

Binwell analira mnzake, ndipo analira zenizeni. Koma lonjezo lija silinamuopse ngakhale pang'ono. Munthu amene amatsegula foni ya mwini wake ndi tsamba la lumo n'kuidzutsa, angalephere kujambula nyumba? Mwezi wathunthu anakhalira laputopu ija madzulo aliwonse akaweruka, kutsata mmene Sailesi ankalembera, mpaka anagwira njira yake. Kagulu kaja kanagwirizana kuti gemuyo ikatha adzaisewera onse pamodzi pokumbukira malemu.

Tsono apa ndi pamene panalakwika. Kodi kwawo kwa Sailesi Binwell anali atafikako? Ayi. Chithunzi cha nyumba yawo anali nacho? Ayi. Munthu wina akanafunsa. Binwell anangodziuza kuti nyumba ndi nyumba, makoma anayi, chitseko ndi denga, ndipo pa TV yakale ndani angasiyanitse. Lamlungu masana anatenga mpando, n'kukakhala pabwalo laputopu ili pamiyendo, n'kuyamba kujambula chimene chinali patsogolo pake. Anajambula chitseko chobiriwira, mtengo wa mapeyala kumanzere, mgolo wa madzi pansi pa malata, ndi khola la nkhunda za Nangozo. Zinatuluka bwino kwambiri moti anadziombera yekha m'manja.

Analowetsa gemuyo mu katiriji, kuiuzira mpweya kawiri, n'kuiika pamakina. Kamunthu kanatsika basi, kudumpha maenje, kukwera mapiri, kuwoloka mtsinje. Pamene kale panali mdima, tsopano panaoneka nyumba. Binwell anali atalemba kuti kamunthuko kakangokhudza chitseko kalowe, nyimbo ilire, gemu ithe. Koma katafika sitepe imodzi kuchokera pachitseko, kanaima. Anadina batani lopita kutsogolo mpaka chala kuwawa. Kanangoima, chikwama chili kumsana. Kenako TV inalira timawu tiwiri, koyamba kotsika, kachiwiri kokwera. Patapita kanthawi inaliranso chimodzimodzi.

"Kacholakwika kakang'ono aka," anatero Binwell. "Mawa ndikapeza."

Sanakapeze. Anawerenga mizere yonse imene analemba, kuibwereza katatu, ndipo panalibe paliponse pamene anaika phokoso limenelo. Lolemba m'mawa padi yachiwiri ya makina aja, ija ya mabatani yogwira m'manja posewera, inasowa. Anaisaka m'mashelefu, pansi pa bedi, mpaka kunamizira Nangozo kuti waisesera kunja. Anaipeza atatsegula chitseko kuti azipita kuntchito. Inali pakhonde, pakati penipeni, chingwe chake chitakulungidwa mopingasa bwinobwino. Binwell zingwe amangozimangamanga. Amene ankakulunga choncho m'gulu lonse lija anali Sailesi yekha. Anaitola, kuipukuta, n'kunena kuti mwina ana a m'dera muno ayamba kuba n'kubweza.

Lachiwiri madzulo akutsika minibasi pasiteji, Abiti Saidi, mayi wogulitsa tomato pamphambano, anamukodola.

"A Katsala, mlendo wanu uja wakupezani?"

"Mlendo uti?"

"Bambo wina wachikwama kumsana. Amafunsa nyumba ya chitseko chobiriwira, ya mapeyala ndi nkhunda. Ndinati imeneyo ndi ya a Katsala, kwerani ndi msewu womwewu."

"Amaoneka bwanji?"

Mayiyo anakanda m'mutu pansi pa duku. "Mukudziwa, nkhope sindinaione bwino. Anandiimira cham'mbali. Ndipo pochoka sanatsanzike, anangoyamba kuyenda."

Binwell anaseka, n'kugula tomato wa mulu umodzi. Nyumba za zitseko zobiriwira ku Chilomoni zilipo zambirimbiri, ndipo nkhunda aliyense amaweta. Anayenda akudziuza zimenezi mpaka kunyumba. Koma atafika anapeza kuti tomato uja wamufinya m'manja mpaka kuphulika awiri.

Lachitatu anali wakabaza wina amene amaima pafupi ndi mpopi wa madzi, theka la njira kuchokera pasiteji paja. Iyeyu anafika nazo akuseka.

"Bwana, abale anu aja ndi oseketsa. Ndawauza kuti kwerani ndikakutuleni, osandiyankha. Amayenda mowongoka ngati awakoka ndi chingwe, osacheuka uku kapena uku. Atafika pa dzenje lija la pampopi, m'malo molilambalala ngati anthu onse, alidumpha. Miyendo yonse iwiri pamodzi, bwana, chikwama chili kumsana!"

"Analowera kuti?"

"Kwanu komweko. Koma amayenda pang'onopang'ono. Mwina afika mawa."

Usiku umenewo Binwell sanadye bwino. Mantha anali atayamba kumulowa, koma munthu wake ndi wosavomera msanga. Anaganiza kuti vuto lonse lili mu gemu, ndipo chilichonse chokhala mu gemu chimakonzeka. Lachinayi anaweruka msanga, n'kutulutsa TV ija kuchipinda kuiika pabalaza pamene pali kuwala. Anasewera mpaka kumapeto. Kamunthu kanaima pachitseko chobiriwira. Timawu tiwiri tija tinalira.

Nangozo anali pakona akusita mayunifolomu. Magemu a mwamuna wake anasiya kalekale kuwayang'ana, koma makutu sanatseke. Anaimika simbi.

"Abambo, ameneyo bwanji simukumuyankha?"

"Ndani?"

"Wa pa TV-yo. Akuodira."

"Iwe, ndi phokoso chabe la makina ili."

"Phokoso lanji? Tamverani." TV inaliranso, kotsika, kokwera. "O-di. Mwana wa sukulu ya mkaka angamve. Munthu woleredwa bwino salowa m'nyumba asanayankhidwe." Anayandikira, n'kuyang'anitsitsa pagalasi. Anaona mapeyala, anaona mgolo, anaona khola la nkhunda zake. Nkhope yake inasintha. "Abambo, iyi si nyumba yathu iyi?"

"Ndinangotengera chitsanzo."

"Malemu anati kafike kwawo. Inu mwakajambulira kwathu?"

Binwell asanayankhe, magetsi anazima. TV inathima, simbi inathima, wailesi ya aneba inadukira pakati pa nyimbo. Kunja kunali kachisisira, nthawi imene nkhunda zimachita phokoso polowa m'khola, koma tsiku limenelo zinali zii. Agalu a m'dera lonselo analinso zii. Awiriwo anangoima pabalaza akumva kupuma kwawo.

Kenako timawu tiwiri tija tinamveka. Sitinachokere pa TV. Tinachokera pakhonde, kuseri kwa chitseko, pamsinkhu wa pakamwa pa munthu woima. Sanali mawu a makina enieni, komanso sanali a munthu enieni.

Inu mukudziwa mmene pakamwa pathu panazolowerera. Munthu akati odi, "eee" amatuluka yekha usanaganize. Binwell anali atakoka kale mpweya. Nangozo anamudumphira n'kumutseka pakamwa ndi dzanja lofunda ndi simbi.

"Musayerekeze," ananong'ona. "Mukayankha walowa. Ndipo akalowa sadzatulukanso, chifukwa mwamuuza nokha kuti kwawo ndi kuno."

Odi uja anamvekanso, mofatsa, mosakakamiza. Chimene chinamupweteka Binwell ndi chimenecho. Akanakhala kuti akumenya chitseko, akanangochita mantha basi. Koma ameneyu ankaodira mwaulemu, kudikira, n'kuodiranso, ngati mmene Sailesi ankachitira akabwera kudzabwereka sikuludiraiva. Pansi pa chitseko, pamene pamalowa kuwala kwa kunja, panali mdima pamalo awiri oyandikana. Binwell anayang'ana kumbali. Misozi inatsikira padzanja la mkazi wake.

Zinatenga nthawi yaitali bwanji, onse awiri sadziwa. Magetsi atayaka, pansi pa chitseko panali poyera, ndipo nkhunda imodzi inalira.

Binwell anathamangira laputopu. "Ndifufuta nyumbayi pompano."

"Ndiye apite kuti?" anafunsa Nangozo. "Abwerere mumdima muja? Munthu wayenda ulendo wonsewu, wafika pakhomo, inu mumuchotsere khomolo? Si mnzanu ameneyu?"

"Nanga nditani?"

"Chimene munalonjeza. Kwawo kulipo, amayi ake alipo. Mwamuna wamkulu ngati inu mumafuna ndikuuzeni zonse?"

Apa Binwell anabwerera mumtima mwake. Chinthu chikangokhala ndi njira yokonzera, iye mantha amachepa. Anaika TV mu katoni n'kuizinga ndi bulangete, makina ndi mapadi m'chikwama, laputopu ndi kachipangizo kolembera katiriji m'chikwama china. Katiriji yeniyeniyo anaiika m'thumba la malaya, pamtima. Lachisanu kusanache bwino anatsegula chitseko, n'kulankhula akuyang'ana pansi.

"Aise, ndinalakwitsa. Kuno si kwanu. Tiye ndikuperekeze."

Mlatho uja anali ataukonza mongoyembekezera. Anakwera minibasi mpaka pamphambano ya ku Neno, kenako lole ya matola yodzaza matumba a feteleza ndi anthu pamwamba pake. Binwell anakhala pakona atakumbatira katoni yake. Lole inadzaza mpaka ena kulendewera, koma pambali pake panatsala malo a munthu mmodzi ndipo palibe anakhalapo. Gogo wina wachipewa amene anakhala moyang'anana naye anamugwira bondo.

"Achimwene, sunthani katoniyo pang'ono. Mnzanuyo mwamupanikiza."

Binwell anasuntha katoni. Sanayang'ane kumanzere ulendo wonsewo, ngakhale khosi linamuwawa.

Anatsika pasitolo ina pamwamba pa phiri, n'kufunsa kwa a Kamwaza. Anamulozera njira yotsetsereka, ndipo atayamba kuitsata tsitsi linamuimirira. Njirayo ankaidziwa. Phiri la nsonga ziwiri lija linali apo. Mwala wogawanika pakati unali apo. Ngakhale chipika chowolokera mtsinje chinalipo, chopindika pakati ngati mmene Sailesi anachijambulira. Munthuyo sanapeke kanthu, anangojambula njira ya kwawo sitepe ndi sitepe. Binwell anawoloka katoni ili pamutu, ndipo kutsidya anaona nyumba imene sinafanane ndi yake ngakhale pang'ono.

Amayi ake a Sailesi, a Nachisale, anawapeza akusankha mbatata ya kachewere pabwalo. Anali mayi wamfupi, wamanja olimba, wamaso osaphethira. Anamuyankha odi wake, kumupatsa mpando, n'kumvetsera dzina lake.

"Ndinu amene munandikwiririra mwana m'tauni ine kulibe?"

"Madzi anatitsekereza, Mayi."

"Madzi anaphwa kalekale. Mwabwera liti?"

Binwell anangofotokoza zonse monga zinachitikira, za gemu, za lonjezo, za nyumba yolakwika, za mlendo wa cham'mbali, za odi wa dzulo. Ankayembekeza kuti amuseka kapena kumuthamangitsa. A Nachisale anangopitiriza kusankha mbatata, zazikulu uku, zazing'ono uku. Atamaliza kulankhula, iwo anapukuta manja pachitenje.

"Ndiye mukuti mukufuna kujambula nyumba yangayi. Jambulani. Koma mujambule zoona."

Binwell anakhala pansi pa mtengo wa manachesi n'kutsegula laputopu. Mayiwo anaima kumbuyo kwake, ndipo sanamupatse mpata wopuma.

"Chitseko sichili pakati. Bambo ake anachiika chakumanja, tinakangana nazo chaka chathunthu. Nsanamira za khonde ndi zitatu, osati zinayi, ndipo yapakatiyo ndi yokhota. Mwaiwongoleranji? Ikhotetseni. Nkhokwe ili kuti? Kuzenera kumeneko kulibe galasi, kuli katoni. Iyeyo ndiye anaswa ndi mpira ali Sitandade 5."

Binwell ankafufuta, kujambula, kufufutanso. Batire ya laputopu inkatsika. Anamaliza itatsala pang'ono kuthima, n'kulowetsa gemuyo mu katiriji. Magetsi m'mudzimo kulibe, choncho anakabwereka batire ya sola ndi inveta yosinthira moto wake kuti uyatse TV kwa mphunzitsi wina woyandikana nawo. Mphunzitsiyo anachenjeza kuti kwakhala mitambo masiku atatu, motero moto ulimo ndi wochepa. Binwell anaika TV patebulo m'nyumba mwa a Nachisale, moyang'ana kuchitseko. Kunali masana, dzuwa lili pamutu kuseri kwa mitambo, koma nkhuku zonse zinali zitalowa pansi pa nkhokwe.

Anauzira katiriji, kuiika, n'kuyatsa. Gemu imeneyi inalibe njira yachidule. Kuti ufike kumapeto unayenera kuyenda ulendo wonse kuchokera padepoti, ndipo ukagwa katatu umayambiranso. Binwell anayang'ana kanyali ka pa inveta, kanali kachikasu kale. Anapukuta manja pathalauza. Pa zinthu zonse za padziko lapansi, ichi chokha ndicho ankadziwa kuti amachitha kuposa wina aliyense.

Anasewera ngati sanasewerepo. Maenje anawadumpha osaphonya, agalu anawazemba, mapiri anawakwera osaima. A Nachisale anakhala pamphasa manja ali pamiyendo, ndipo kamunthu katadutsa pa mwala wogawanika Binwell anawamva akukoka mpweya. Pa mtsinje kanyali kanasanduka kofiira ndipo inveta inayamba kulira. Chala cha Binwell chinaterereka ndi thukuta pakati pa chipika, batani lodumphira osalidina. Iye mpaka lero amalumbira kuti sanalidine. Kamunthuko kanadumpha.

Nyumba inaoneka, ya nsanamira zitatu, yapakati yokhota. Kamunthu kanayenda pang'onopang'ono, kudutsa nkhokwe, kukwera pakhonde, n'kuima sitepe imodzi kuchokera pachitseko. Binwell anaika padi pansi.

O-di.

A Nachisale sanayankhe.

O-di.

"Mayi," ananong'ona Binwell, "moto ukutha."

"Ndamva." Maso awo anali pa TV, nsagwada zitalimba. "Mukudziwa chimene ndinamuuza tsiku lomaliza? Anabwera pamaliro a bambo ake, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinati khala, munda ulibe mwamuna, kwatira, usiye zidole. Iye usiku wonse ali pa chimakina chakecho. Ndinapsa mtima. Ndinati ukadzabweranso ndi zidole zakozo usadzaodire pakhomo panga, sindidzakuyankha. Anandimvera, bambo. Mwana ameneyu chilichonse sankandimvera, koma chimenecho anandimvera."

Inveta inalira mosalekeza. Chithunzi cha pa TV chinayamba kufota m'mbali. Binwell anafuna kuyankha yekha, koma anadziwa kuti nyumbayo si yake ndipo mawu ake sangagwire ntchito. Anagwada pamphasa, munthu wa ndevu zake, n'kuomba m'manja mwakachetechete ngati wopepesa pamlandu.

Odi wachitatu sanachokere pa TV. Anachokera pakhonde lenileni, kuseri kwa chitseko chimene chinali chotsekedwa theka. Kuwala kumene kunkalowa pampata kunachepa, ngati wina waima pamenepo. Binwell anaweramitsa mutu. Anamva fungo la fumbi la mumsewu ndi sopo wa kuchipatala.

A Nachisale anadzuka. Anakonza chitenje, kumanga bwino duku, n'kutembenukira kuchitseko.

"Ndani?" anafunsa, ngati mmene mayi aliyense amafunsira ngakhale akudziwa.

Chimene chinayankhidwa Binwell sanachimve. Anangoona mapewa a mayiwo akugwa.

"Eee," anatero. "Lowa, mwanangu. Wachedwa."

Chitseko sichinasunthe. Koma kamphepo kozizira kanadutsa pambali pa Binwell, kukweza ngodya ya mphasa n'kuibwezera. Pa TV, chitseko cha timadontho chinatseguka, kamunthu kanatula chikwama pakhonde, chinthu chimene palibe anachilemba mu gemuyo, n'kulowa. Nyimbo yomaliza inalira manoti atatu okha, kenako batire inatha ndipo galasi linada. Kunja tambala analira, nkhuku n'kuyamba kutuluka pansi pa nkhokwe.

Binwell anapuma mpweya umene anausunga kuyambira Lamlungu. Anali wotopa, anali wachisoni, komanso anali wonyada, tisabise, chifukwa anali atamaliza gemu imene inali imodzi yokha padziko lonse. Mwachizolowezi cha munthu wa magemu, anatambasula dzanja kuti azule katiriji pamakina. A Nachisale anamumenya dzanjalo kuti phaa.

"Mukutani?"

"Ndimati ndilongedze, Mayi. Anzathu ku Blantyre akudikira kuti aione."

"Mwana wangofika kumene, sanakhale n'komwe pansi, inu mukufuna mumunyamulenso? Zisiyeni pomwepo zonsezo. Tulukani kaye panja, ndili naye mawu."

Binwell anayang'ana katiriji ija, anayang'ana mayiwo, n'kubweza dzanja lake. Anatuluka chobwerera m'mbuyo, n'kukoka chitseko mpaka kutsekeka. Anakhala pakhonde atatsamira nsanamira, manja ali opanda kanthu, akudziwa kuti abwerera ku Chilomoni choncho.

M'nyumbamo a Nachisale anayamba kukalipa. Anakalipa za munda, za zaka zisanu ndi chimodzi, za foni imene sinkalira, za kuwonda, za kudwala osanena. Anakalipa mpaka mawu anasanduka kulira, ndipo analira maliro onse amene madzi anawamana. Dzuwa litapendeka anakhala chete nthawi yaitali, ngati munthu amene akumvetsera wina akufotokoza.

Kenako, kamodzi kokha, Binwell anawamva akuseka.